Mafayilo a configure ndi Makefile.in mu CI: muziwapanganso bwanji kuti patch iyesedwe zenizeni

Pulojekiti yomwe imagwiritsa ntchito Autotools, gulu la zida monga Autoconf ndi Automake zokonzera pulogalamu kuti imangike, imakhala ndi mafayilo amitundu iwiri. Ena amalembedwa ndi munthu, monga configure.ac, Makefile.am ndi ma macro a m4, pomwe ena amatulutsidwa ndi pulogalamu kuchokera pa oyambawo, apa ndikunena configure (script yomwe imafufuza mashini pulogalamu isanamangidwe), Makefile.in, aclocal.m4 ndi config.h.in. Pa pulojekiti yaying'ono palibe nkhani yayikulu. Vuto limabwera pa mapulojekiti akuluakulu ngati GCC, binutils, GDB, PostgreSQL ndi CPython omwe amasunga mafayilo otulutsidwawo mu git (chida chosungira code ndi mbiri yake) momwemo, chifukwa safuna kuti aliyense amene akungofuna kumanga pulogalamu azikakamizidwa kukhala ndi Autoconf pa kompyuta yake. Ndiye munthu amasintha configure.ac, natumiza patch (kusintha komwe akufuna kuti kulowe mu code), mashini oyesa ma patch, omwe timawatcha CI, nkuitenga, kuiyika pamwamba pa code, kumanga ndi kuyendetsa ma test. Koma configure yomwe yayendetsedwa apo ndi iti, yatsopano kapena yakale?

Ikakhala yakale zotsatira zake zimanama mbali ziwiri. Mwina patch yawonjezera fayilo yatsopano ya C mu Makefile.am koma Makefile.in sinapangidwenso, ndiye fayiloyo siikompailidwa, linker ikulira kuti undefined reference, CI nkulengeza kuti patch yaphwanya build pomwe patchyo ilibe mlandu uliwonse. Bodza limeneli ndilopweteka koma bola limaoneka. Loopsa ndi linalo: patch yasintha mmene configure imafufuzira library inayake, mu configure.ac muli cholakwika chachikulu, koma popeza configure yakale ndi yomwe yayenda zonse zadutsa bwinobwino, chizindikiro chobiriwira chayaka, aliyense wasangalala. Patchyo siinayesedwe nkomwe. Cholakwikacho chidzatulukira tsiku lomwe wina adzapangenso configure, mwina patadutsa masabata, ndipo pa nthawiyo amene adzaoneke ngati wolakwa ndi munthu wina amene sanakhudze nkomwe mzere umenewo.

Njira zothana nazo zilipo zingapo ndipo sizifanana mphamvu ayi.

Yoyamba ndiyo yomwe anthu ambiri amayamba nayo osaganiza: CI isapange chilichonse, wolemba patch aziikamo yekha mafayilo otulutsidwa. Ubwino wake ndi woti mashini oyesa safunikira kukhala ndi Autoconf, Automake kapena china chilichonse, amangoika patch basi nkumanga. Koma configure ndi fayilo ya mizere masauzande ambiri, ndipo kusintha mizere itatu mu configure.ac kutha kutulutsa diff (mndandanda wa mizere yomwe yasintha) yoti munthu sangaiwerenge ndi maso. Ku GCC mwambo wakale ndi wakuti potumiza patch kuti anthu aione mafayilo otulutsidwa mumawasiya, mu ChangeLog mumangolemba kuti Regenerate, nkudzawaphatikiza pa nthawi ya commit, pomwe kusinthako kukulowa mu git. Mwambowu ndi wabwino kwa anthu owerenga patch koma kwa mashini ndi tsoka, chifukwa zomwe mashini alandira ndi theka chabe la kusinthako.

Olo wolemba atawaikamo, pali nkhani ya version. Autoconf 2.69 inatuluka mu 2012, 2.70 inabwera kumapeto kwa 2020, 2.71 kumayambiriro kwa 2021, 2.72 kumapeto kwa 2023, ndipo iliyonse imatulutsa configure yooneka mosiyana kwambiri. GCC ndi binutils anasamukira ku Autoconf 2.69 ndi Automake 1.15.1 mu 2018 ndipo amafuna zimenezo ndendende, mu config/override.m4 muli mzere umene umakuimitsani pompo ndi uthenga wakuti Please use exactly Autoconf 2.69 mukabwera ndi ina. Mwina mungati chabwino, ndiika 2.69, nkhani yatha. Ayi sinathe. Autoconf 2.69 ya Debian (mtundu wina wa Linux) si yofanana ndi 2.69 yochokera ku GNU, inasinthidwa pang'ono, ndiye mukapanga configure ndi ya Debian mupeza mu diff mwatulukira option ya runstatedir yomwe inu simunaipemphe, komanso mzere wa LARGE_OFF_T walembedwa mwanjira ina. Nambala ya version ndi yomweyo koma zotuluka zasiyana. Munthu wotsatira akapanganso ndi Autoconf yoyera mizere ija imachokanso, wina nkudzaibwezeretsa, ndipo mbiri ya fayiloyo mu git imadzaza ndi kulowa ndi kutuluka kwa mizere yopanda ntchito. Kuonjezera apo code ya libtool (chida chomangira ma library) mkati mwa configure imakhala ndi mizere ya #line yokhala ndi nambala ya mzere umene ilipo, ndiye mukawonjezera kanthu pamwamba manambala onse apansi amasuntha. Ma patch awiri osagwirizana nkomwe, wina wakhudza apa wina apo, amatha kuwombana pa #line basi, git am, lamulo loikira ma patch, nkukana yachiwiriyo. Njira iyi yokha ine sindingaikhulupirire. Imagwira pokhapokha pali china chomwe chikutsimikiza kuti zomwe munthu waikamo ndi zomwedi zikanatuluka.

Njira yachiwiri ndi maintainer mode, ndipo iyi ndiyofunika kuikhalira pansi chifukwa imakopa kwambiri, imaoneka ngati yankho laulere. Automake imaika mu Makefile malamulo oti configure.ac ikakhala yatsopano kuposa configure, make, pulogalamu yoyendetsa build, iyendetsenso autoconf, Makefile.am ikakhala yatsopano kuposa Makefile.in iyendetsenso automake, choncho choncho. Pulojekiti ikaika AM_MAINTAINER_MODE mu configure.ac popanda kuwonjezera kanthu malamulowa amakhala ozimitsa mpaka munthu atalemba --enable-maintainer-mode. Ndiye maganizo amabwera akuti tingowonjezera option imeneyi pa CI, make idziwa yokha zoyenera kupangidwanso. Pa laputopu ya munthu mmodzi amene akusintha fayilo imodzi nkumayendetsa make, zimayendadi.

Pa CI ndiye zimasokonekera, ndipo chifukwa choyamba ndi nthawi. Make siwerenga zomwe zili mkati mwa fayilo, imangoyang'ana nthawi yomwe fayilo inasinthidwa komaliza. Git nayo siisunga nthawi imeneyo, mukapanga clone kapena checkout fayilo iliyonse imalandira nthawi yomwe yalembedwa pa disk pompo. Ndiye kuti configure ndi yatsopano kapena yakale kuyerekeza ndi configure.ac zimangotengera kuti git inalemba iti poyamba, osati kuti ndi iti inasinthadi. Pa seva yomwe imagwiritsanso ntchito foda yomweyo kuchokera ku ntchito yapita ndiye ndi chipwirikiti chenicheni, chifukwa checkout imangokhudza mafayilo omwe asintha, ena onse amatsala ndi nthawi za dzana. Lero make ipanganso mafayilo khumi osafunika kupangidwanso, mawa isiya imodzi yomwe imafunikadi. Uthenga uja wodziwika wakuti aclocal-1.15 is missing on your system nthawi zambiri umachokera pomwepa, munthu sanasinthe kanthu koma nthawi za mafayilo zamunamizira. GCC ili ndi script ya contrib/gcc_update yomwe mwa zina imayenda ndi touch pa mafayilo otulutsidwa kuti nthawi zikhale mu dongosolo, koma taganizani bwino, touch imauza make kuti fayiloyi ndi yatsopano osaikhudza. Mukaiyendetsa patch italowa kale mwabisa kusintha komwe mumafuna kuti kuoneke. Mukaiyendetsa patch isanalowe ndiye bola, koma mwayamba kale kudalira dongosolo la masitepe lomwe wina akalisuntha pang'ono palibe chimene chidzalire.

Chachiwiri, maintainer mode imangopanganso za mafoda omwe akumangidwa. Mtengo wa GCC uli ndi ma configure ambirimbiri, libstdc++-v3 ili ndi yake, libgomp yake, libgfortran yake, libiberty yake. Ngati build yanu ndi ya C ndi C++ yokha, make siilowa nkomwe mu libgfortran, ndiye patch yomwe yakhudza macro ya mu config/ yomwe mafoda ambiri amagawana ipangitsa kuti ma configure ena apangidwenso ena atsale akale. Komanso malamulowo sakhala okwanira paliponse. Mafoda ena sagwiritsa Automake, Makefile.in yawo inalembedwa ndi manja, ndipo mndandanda wa mafayilo a m4 omwe configure imadalira umakhala woti wina anaulemba kalekale nkuiwala kuwonjezera atabwera atsopano.

Chachitatu ndi make -j. Kupanganso mafayilo kumalemba mu foda ya source, osati ya build, ndipo mukamamanga mbali zambiri nthawi imodzi, makamaka pa multilib pomwe library yomweyo imamangidwa kangapo kuchokera pa source imodzi, ma process awiri atha kuona onse kuti configure ndi yakale nkuyamba kuilemba limodzi, kwinaku wachitatu akuiwerenga isanathe kulembedwa. Zolephera zotere sizibwera nthawi zonse, zimabwera mwa apo ndi apo, mukayendetsanso zimadutsa, ndipo palibe chimene chimaphetsa chikhulupiriro cha anthu pa CI msanga kuposa chimenechi. Anthu akangozolowera kuti kufiira kwa CI nthawi zina nkopanda tanthauzo amasiya kuwerenga malipoti ake onse. Palinso kanthu kena kakang'ono koseketsa: kuti Makefile ikhalepo muyenera kuyendetsa kaye configure yakale, kenako make ipange yatsopano nkuyendetsanso. Ngati patch yawonjezera option yatsopano ya configure yomwe mukufuna kuyesa, ulendo woyamba ikupita kwa script yomwe siikuidziwa.

Ndiye kwa ine maintainer mode ndi chida cha munthu amene wakhala pa kiyibodi, osati cha mashini oyesa ma patch a anthu ena usiku wonse popanda woyang'anira.

Njira yachitatu ndi yachidule: patch ikangolowa, yendetsani autoreconf -fi basi, zonse zipangidwenso kaya zasintha kaya ayi. Apa nkhani ya nthawi za mafayilo yatheratu chifukwa simukufunsa make maganizo ake. Pa pulojekiti wamba ya configure.ac imodzi iyi ndi njira yabwino ndipo musavutike kufuna ina. Debian imachita zofanana ndi zimenezi pomanga ma package, kuyambira debhelper compat 10 dh_autoreconf imayenda yokha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi choti config.guess, config.sub ndi libtool zikhale zatsopano kuti pulogalamu yakale imangike pa purosesa yatsopano. Koma pomwe pali ubwino wake ndi pomwenso pali vuto lake pa mitengo ikuluikulu. Chilembo f chija chimatanthauza kuti mafayilo othandizira alembedwenso ndi omwe ali pa mashini anu, ndipo GCC ndi binutils amasunga libtool yawoyawo yakale yosinthidwa malo ena, yomwe safuna kuti ifafanizidwe ndi ya pa seva. Aclocal nayonso imatola ma macro kuchokera ku /usr/share/aclocal, ndiye seva yomwe ili ndi pkg.m4 kapena ma macro a gettext a version ina ipereka aclocal.m4 yosiyana ndi seva inzake ngakhale Autoconf ndi Automake zikhale zofanana. Dongosolo la ma -I, omwe amauza aclocal mafoda oti ifufuzemo ma macro, nalonso limasintha zotuluka, ndipo foda iliyonse ili ndi zofuna zake. Komanso autoreconf siidziwa za mafayilo omwe sali a Autotools, mwachitsanzo Makefile.in ya pamwamba penipeni mu GCC imatuluka mu AutoGen kuchokera ku Makefile.def ndi Makefile.tpl, pulogalamu ina yosiyana kotheratu. Kunena zoona, ngati cholinga ndi kungoona ngati patch ikumangika, autoreconf ingakufikitseni. Ngati mukufunanso kuti zotuluka zifanane ndi zomwe zili mu git mzere ndi mzere, siikwanira.

Njira yachinayi ndi yomwe ine ndingasankhe pa pulojekiti iliyonse yayikulu yosunga mafayilo otulutsidwa mu git: script imodzi yomwe ntchito yake ndi kupanganso mafayilo basi, yoyendetsedwa ngati sitepe payokha build isanayambe, mkati mwa container (malo odzipatula oyendetseramo mapulogalamu) yomwe ma version a zida zake anakhomeredwa. Scriptyo imayenda foda ndi foda, imadziwa kuti apa pafunika aclocal ndi ma -I awa mu dongosolo ili, apa autoheader, apa automake, apa autoconf yokha, pamwamba AutoGen. Siifunsa nthawi ya fayilo, siifuna kuti configure iyende kaye, ndipo siisamala kuti mumanga zinenero ziti. Ku Sourceware, komwe kumasungidwa code ya GCC ndi binutils, kuli script ya mtundu umenewu yotchedwa autoregen.py yomwe CI yawo, buildbot, imagwiritsa ntchito pa GCC ndi binutils-gdb. CPython nayo inatenga njira yofananayo, make regen-configure imayendetsa Autoconf mkati mwa container kuti aliyense atulutse configure yofanana, ndipo CI yawo ili ndi ntchito yoona ngati mafayilo otulutsidwa akugwirizana ndi magwero ake.

Container ija ndi theka la nkhani yonse, musaipeputse. Autoconf ndi Automake muziike kuchokera ku ma tarball (mafayilo opanikizidwa a source) a GNU osati kwa package manager wa distro, chifukwa cha nkhani ya runstatedir ija. Image ya container muziitchula ndi digest yake ya sha256, chizindikiro chake chomwe sichisintha, osati ndi dzina ngati latest lomwe mawa litha kuloza kwina. Musaikemo ma package a dev osafunika chifukwa ena amabwera ndi mafayilo awo a m4 omwe aclocal ingatole. Ikani LC_ALL=C kuti kasanjidwe ka maina kasatengere chinenero cha mashini, ndipo foda ya autom4te.cache muzichotsa kapena kuyamba pa mtengo woyera ulendo uliwonse. Chofunika kwambiri, container yomweyo ikhale yoti munthu wamba atha kuiyendetsa pa kompyuta yake ndi lamulo limodzi. CI ikamuuza munthu kuti configure yanu siikugwirizana koma iye alibe njira yotulutsira yogwirizanayo, mwangomupatsa ntchito yolosera.

Dongosolo la masitepe nalo lili ndi kamsampha komwe ambiri amagwamo. Mukangoika patch, nkuyendetsa script, nkuona diff, simudziwa kuti kusiyana komwe mukuonako kwabwera ndi patchyi kapena kunalipo kale chifukwa wina dzulo anaiwala kupanganso fayilo ina. Ndiye yambani ndi mtengo wopanda patch, yendetsani script, ngati patuluka kusiyana kusungeni ngati commit yongoyembekezera ya CI yokha, apo ndiye poyambira panu. Kenako ikani patch, yendetsaninso script, ndipo zomwe zasintha tsopano ndi za patchyo zokha. Build yoyerekezera nayo, ija yopanda patch, imangidwe kuchokera pa poyambira pomwepo, apo ayi mukhala mukuyerekeza mtengo wopangidwanso ndi wosapangidwanso nkumaloza chala patch yosalakwa. Sitepe yowonjezerayi imadya mphindi zingapo koma poyerekeza ndi maola omwe bootstrap ya compiler ndi ma test ake zimatenga, si kanthu.

Nanga patch ikabwera ndi mafayilo otulutsidwa kale mkati? Apa pali zosankha ziwiri. Mutha kuwataya poika patch, git apply ili ndi --exclude yochitira zimenezo, nkudalira script yanu yokha. Ubwino wake kuwombana kwa #line kuja kumatha ndipo ma patch ambiri amalowa bwino. Kapena mutha kuika patch yonse mmene ilili, nkuyendetsa script pamwamba pake, ngati git diff yaonetsa kanthu ndiye kuti zomwe wolemba anaikamo sizikugwirizana ndi magwero ake, CI imuuze. Yachiwiriyi imagwira zolakwika zambiri, monga munthu amene wasintha configure ndi manja osakhudza configure.ac, koma imakana ma patch ambiri pa sitepe yoyika. Ine ndingayese yachiwiri kaye, ikakanika kulowa nkubwerera ku yoyamba, ndipo lipoti lizinena momveka kuti njira iti yagwiritsidwa ntchito. Lipotilo lisiyanitsenso zinthu zitatu: patch yakanika kulowa, kupanganso mafayilo kwalephera, build kapena ma test alephera. Kuzisakaniza zonse mu mawu amodzi akuti failed kumamutayitsa nthawi munthu. Ndipo ngati ndi mndandanda wa ma patch angapo, script iziyenda pambuyo pa patch iliyonse osati kumapeto kokha, chifukwa tsiku lina wina adzafuna git bisect, yofufuzira commit yomwe inabweretsa vuto, ndipo commit iliyonse yapakati iyenera kumangika payokha.

Kuipa kwa njira iyi ndi koti script ija ndi code inanso yofunika kuisamalira. Wina akawonjezera foda yatsopano kapena kusintha ACLOCAL_AMFLAGS, script iyenera kudziwa, ndipo ikakhala kunja kwa mtengo wa pulojekiti imatsalira mmbuyo mosavuta. Bola izikhala mu repository momwemo kuti patch yomwe yasintha malamulo isinthenso script pa commit yomweyo.

Pali njira inanso yomwe siipikisana ndi zinazi koma imayenda nazo limodzi, ndiyo kulondera pambuyo pa commit. Ntchito yaying'ono yomwe commit iliyonse ikalowa imatenga mtengo woyera, kuyendetsa script yomwe ija, kenako git diff --exit-code, pakakhala kusiyana imauza mwini commit. Onjezanipo git status --porcelain chifukwa git diff siiona mafayilo atsopano omwe git siikuwatsata. Kubernetes, yomwe si ya Autotools nkomwe, ili ndi maganizo omwewa mu foda yake ya hack, muli ma script a update opanga code ndi anzake a verify oona ngati zomwe zili mu git zikufanana ndi zomwe zikanatuluka. Mlonda ameneyu ndi amene amapangitsa kuti poyambira paja pazikhala poyera nthawi zambiri. Popanda iye zinyalala zimaunjikana pang'onopang'ono mpaka munthu wina wosalakwa akapanganso configure chifukwa cha mzere umodzi, diff yake imabwera ndi zotsalira za anthu asanu.

Tsono pali ena amene anganene kuti bwanji osangochotsa mafayilo otulutsidwawo mu git, nkhani nkutha? Mapulojekiti ambiri amatero, mu repository mumangokhala configure.ac ndi script ya bootstrap kapena autogen.sh, coreutils ndi chitsanzo, ndipo configure imangooneka mu tarball ya release. Kernel ya Linux nayo inasiya kusunga zotuluka za lexer ndi parser ya kconfig mu 2018 nkuyamba kufuna flex ndi bison pa mashini omangira. Pa kuyesa ma patch iyi ndi yoyera kuposa zonse, palibe fayilo yakale yoti inamize wina chifukwa CI ilibe kuchitira mwina koma kupanga zonse ulendo uliwonse. Mtengo wake umagwera anthu omanga kuchokera ku git, aliyense ayenera kukhala ndi zida zoyenera, ndipo commit ya zaka khumi zapitazo itha kukana kupangika ndi Autoconf ya lero, zomwe zimavutitsa bisect. Pa compiler yomwe imamangidwa pa mashini achilendo ndi akale, ena oti kuikapo Perl ndi m4 yoyenera ndi ntchito payokha, mtengo umenewu ndi waukulu, nchifukwa chake sindiyembekezera kuti aliyense angoitsata.

Komanso njira iyi imasamutsira ngozi kwina. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund anaulula backdoor (khomo lachinsinsi lolowera mu makompyuta a anthu) mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, version 5.6.0 ndi 5.6.1, ija ya CVE-2024-3094, ndipo kachidutswa komwe kamayambitsa zonse kanali mu fayilo ya build-to-host.m4 yosinthidwa yomwe inali mu tarball koma osati mu git. Inabisala bwino chifukwa aliyense anazolowera kuti tarball imakhala ndi mulu wa mafayilo otulutsidwa omwe palibe amawawerenga. Onaninso apa kuti kungoyendetsa autoreconf pa tarball yotere si chitetezo chokwanira, ngati fayilo ya m4 yoipayo ili pakati pa magwero, configure yatsopano ituluka ndi zoipa zomwezo. Ndiye mukachotsa mafayilo mu git, funso loti kodi zotuluka zikufanana ndi magwero silinathe, langosamukira pa tsiku la release, ndipo pamenepo pafunika mashini opanga tarball kuchokera pa tag ya git mu container yodziwika kuti wina aliyense athe kubwereza nkuyerekeza.

Kusamukira ku zida zina zomangira monga Meson kapena CMake kumachotsadi configure mu nkhaniyi, PostgreSQL inawonjezera Meson mu version 16 mu 2023 ngakhale configure yake ikadalipo pambali. Koma imeneyo ndi ntchito ya miyezi kapena zaka, si yankho la CI yomwe ikunama sabata ino, ndipo mafayilo ena otulutsidwa monga ma parser, matebulo a ma opcode ndi zolemba za ma option amatsalabe.

Ndiye posankha, yang'anani kukula kwa mtengo ndi komwe mafayilo akukhala. Configure.ac imodzi ndipo zotuluka sizili mu git, autoreconf -fi mu container yokhomeredwa yakwana. Zotuluka zili mu git koma pulojekiti ndi yapakatikati, lamulo limodzi la regen lomwe munthu ndi CI onse amayendetsa, kuphatikiza git diff --exit-code. Mtengo wa ma configure ambiri ngati wa GCC, script yodziwa foda iliyonse, kupanganso poyambira patch isanalowe, ndi mlonda wa pambuyo pa commit, maintainer mode isiyireni anthu pa makompyuta awo. Tsiku lomwe mudzafune kukweza Autoconf kapena Automake, chitani pa commit yakeyake yopanda kusintha kwina kulikonse, digest ya container isinthe pa commit yomweyo, ndipo ma patch omwe anali pamzere kudikira ayesedwenso pa poyambira patsopano chifukwa mafayilo otulutsidwa omwe anabwera nawo sadzalowanso.